Masiku Okumbukira Chilengedwe ndi Udindo wa Nzika pa Phiri la Dedza

Masiku okumbukira chilengedwe ndi masiku amene boma kapena mayiko ogwirizana anawapatula pa kalendala kuti anthu aime kaye, aganizire za nkhalango, madzi, nthaka ndi mapiri zimene moyo wawo umadalira. M'Malawi muno masikuwa alipo a mitundu iwiri. Ena anakhazikitsidwa ndi boma la dziko lino, monga nyengo yobzala mitengo ndi tsiku loyeretsa m'malo okhala. Ena anachokera ku bungwe la United Nations, ndipo amakumbukiridwa pa dziko lonse pa tsiku limodzi. Onsewa cholinga chawo n'chimodzi: kukumbutsa munthu aliyense kuti ali ndi gawo lake pa ntchito yosamalira dziko. Phindu la tsiku lotere limadziwika patapita miyezi, pamene mbande zobzalidwa pa mwambo zapirira moto, mbuzi ndi chiswe. Phiri la Dedza ndi madera olizungulira ndi malo oyenera kuyezerapo nkhaniyi, chifukwa nkhalango, mitsinje, minda ndi mbiri ya makolo zonse zakumana pamenepa.

Phiri ndi anthu ake

Phiri la Dedza ndi lotalika mamita pafupifupi 2,200 kuchokera pa mlingo wa nyanja ya mchere. M'tsinde mwake muli tauni ya Dedza, pa mtunda wa makilomita pafupifupi 85 kuchokera ku Lilongwe potsata msewu wa M1, kufupi ndi malire a boma la Angonia ku Mozambique. Tauniyi ili pamwamba kuposa matauni ena onse a m'Malawi, n'chifukwa chake m'miyezi ya Juni ndi Julayi kumazizira kwambiri ndipo nkhungu imakuta phiri m'mawa. Kuzizira komweku ndi kumene kumachititsa kuti mbatatesi, kabichi, nyemba, nsawawa ndi mapichesi zizichita bwino ku Bembeke ndi madera ena a kumtunda.

Nkhalango za kuno zinayamba kutetezedwa ndi lamulo m'nthawi ya atsamunda. Nkhalango za Chongoni ndi Mua-Livulezi zinakhazikitsidwa mu 1924, ndipo ya pa Phiri la Dedza inatsatira mu 1926. Pambuyo pake boma linabzala paini wambiri pa Dedza ndi pa Chongoni kuti dziko lizipeza matabwa. Sukulu ya Malawi College of Forestry and Wildlife, imene imaphunzitsa alangizi a zankhalango ndi zanyama a dziko lonse, ilinso m'boma lomweli.

Mapiri a Dedza ndi gwero la madzi a anthu ambiri amene sakhala m'phiri. Mbali ya kumadzulo ndi kumpoto, timitsinje timathira mu Linthipe, mtsinje umene umalandiranso madzi a Diamphwe ndi Lilongwe usanakafike ku nyanja ya Malawi m'boma la Salima. Mbali ya kum'mawa, mitsinje monga Nadzipulu ndi Livulezi imatsika zitunda n'kukafika ku zigwa za Mtakataka ndi Golomoti. Choncho mtengo wodulidwa kumtunda umakhudza mlimi wa mpunga wa kunyanja amene mwina sanakwerepo phirili.

Chiwerengero cha anthu chakwera mofulumira. Kalembera wa 2018 anapeza anthu opitirira 830,000 m'boma la Dedza, pamene mu 2008 analipo pafupifupi 624,000. Pafupifupi mabanja 97 mwa 100 alionse m'Malawi amaphikira nkhuni kapena makala. Kuwonjezera apo pali kuotcha njerwa, kucheka matabwa mozemba, kutsegula minda m'malo otsetsereka ndiponso msika waukulu wa makala wa mumzinda wa Lilongwe. Izi ndizo zapungula mitengo ya m'phiri, ndipo ndizo zimene masiku okumbukira chilengedwe amafuna kuti anthu aziyang'ane maso ndi maso.

Chiyambi cha masikuwa m'Malawi

Tsiku loyamba lodziwika bwino linali Tsiku Lobzala Mitengo, limene boma la Dr. Hastings Kamuzu Banda linakhazikitsa mu 1976, ndipo linkachitika pa 21 Januwale. Ana a sukulu, ogwira ntchito m'boma ndi anthu a m'midzi ankatuluka ndi makasu kukabzala mitengo, makamaka bulugamu ndi malaina. Nkhalango zambiri zozungulira sukulu zakale za pulayimale zinayamba m'zaka zimenezo. M'nthawi yomweyo kunalinso sabata ya achinyamata, pamene ana a sukulu ndi akuluakulu ankalambula misewu, kukonza milatho ndi kuumba njerwa zomangira sukulu.

Ntchito zimenezi zinasiya zinthu zooneka, koma zinali ndi vuto lake: munthu sankatha kukana. Ulamuliro wa zipani zambiri utabwera mu 1994, anthu ambiri anayamba kuona ntchito iliyonse yogwira pamodzi popanda malipiro ngati thangata, ndipo ena anamva ufulu ngati chilolezo cholowa m'nkhalango za boma ndi nkhwangwa. M'zaka zotsatira nkhalango zambiri za boma zinawonongeka kwambiri. Phunziro la mbiriyi n'lakuti chisamaliro chobwera ndi mantha chimatha mantha akatha. Masiku okumbukira chilengedwe a lero ali ndi ntchito yovutirapo, yofikitsa munthu poti asamale nkhalango mwa kufuna kwake, atamvetsa chimene akupindula nacho.

Boma linaonanso kuti tsiku limodzi silikwanira dziko limene mvula imayamba nthawi zosiyana. Tsiku Lobzala Mitengo lija linakula n'kukhala nyengo yobzala mitengo, imene tsopano imayamba pa 15 Disembala n'kutha pa 15 Epulo chaka chilichonse. Mu 2016 Malawi analonjezanso pamaso pa mayiko ena kuti adzabwezeretsa chonde ndi mitengo pa mahekitala 4.5 miliyoni a malo owonongeka pofika 2030.

Masiku a m'dzinja

Kwa mlimi wa ku Dedza chaka chimayamba ndi mvula, ndipo masiku okumbukira chilengedwe amamveka bwino akawerengedwa kuyambira pamenepo. Pa 5 Disembala ndi tsiku lokumbukira nthaka. Limafika mvula yoyamba ikugwa pa minda yotsetsereka, nthawi imene dothi lachonde limakokoloka kwambiri. Nkhani yoyenera tsikuli kuno ndi ya akalozera, mizere yopingasa, udzu wa vetiva, manyowa ndi kuphimbira nthaka ndi mapesi. Mlangizi akaimirira pa munda umene uli ndi akalozera pafupi ndi wina wong'ambika ndi zigwembe, anthu amaona okha kusiyana kwake.

Pa 11 Disembala ndi tsiku lokumbukira mapiri, limene lakhala likuchitika kuyambira 2003. Tsikuli silitchuka m'Malawi, chonsecho limayenera Dedza kwambiri. Phiri lokhala ndi mitengo limamwa madzi a mvula: masamba amachepetsa mphamvu ya madontho, zinyalala za pansi zimagwira madzi, ndipo mizu imatsegula njira zoti madziwo alowe pansi n'kumatuluka pang'onopang'ono m'akasupe mpaka m'chilimwe. Phiri lopanda mitengo limataya madzi onse tsiku lomwelo, pamodzi ndi dothi ndi miyala. Mu Malichi 2023, namondwe wa Freddy atagwetsa mvula yamasiku angapo m'chigawo cha kumwera, matope ndi miyala zinatsika m'phiri la Soche n'kukwirira nyumba ndi anthu ku Chilobwe mumzinda wa Blantyre. M'dziko lonse anthu opitirira 1,000 anamwalira kapena kusowa. Tauni ya Dedza nayo ili m'tsinde mwa phiri, ndipo akuluakulu anati chaona mnzako chapita, mawa chili pa iwe.

Nyengo yobzala mitengo ikatsegulidwa pa 15 Disembala, nthawi yabwino yobzala kuno ndi masabata oyambirira, nthaka itanyowa bwino. Mbande yobzalidwa mu Disembala kapena Januwale imakhala ndi miyezi itatu ya mvula yoti izike mizu. Yobzalidwa kumapeto kwa Malichi imakumana ndi chilala mizu ikadali pamwamba, ndipo nthawi zambiri siifika chaka. Mtundu wa mtengo nawo uyenera kugwirizana ndi malo. M'mbali mwa mitsinje ndi pa akasupe pamayenera mitengo yachilengedwe monga katope, mkuyu ndi mbawa, pamodzi ndi nsungwi. Bulugamu amamwa madzi ambiri, choncho malo ake ndi kutali ndi kasupe, kumene angapereke milimo ndi nkhuni. M'minda mumayenera msangu, mthethe ndi gilisidiya, mitengo yowonjezera chonde.

Pa 2 Febuluwale ndi tsiku lokumbukira madambo, pokumbukira pangano limene mayiko anasainira mumzinda wa Ramsar ku Iran mu 1971. Malo a m'Malawi amene ali pa mndandanda wa panganoli ndi nyanja ya Chilwa ndi dambo la Elephant Marsh, koma phunziro lake limakhudzanso madambo ang'onoang'ono a ku Dedza, kumene kuli madimba a tomato, kabichi ndi mbatatesi. Kulima mpaka m'mphepete mwenimweni mwa mtsinje kumagumula gombe ndi kukwirira mtsinje ndi mchenga, ndipo dimba lomwelo limadzasowa madzi othirira.

Kumapeto kwa dzinja kuli masiku awiri otsatizana. Pa 21 Malichi ndi tsiku lokumbukira nkhalango, limene United Nations inakhazikitsa mu 2012, ndipo pa 22 Malichi ndi tsiku lokumbukira madzi, limene linayamba mu 1993. Kwa Dedza masiku awiriwa ndi nkhani imodzi, pakuti madzi a m'mipopi, m'mijigo ndi m'zitsime amayambira m'nkhalango. Popeza nthawi yabwino yobzala imakhala itapitirira, ntchito yoyenera masikuwa ndi kubwerera kumene kunabzalidwa mitengo mu Januwale, kuwerenga imene yaphuka, kupalira, ndi kutchinga ndi minga kuti ziweto zisadye.

Masiku a m'masika ndi m'nyengo yozizira

Pa 5 Meyi ndi tsiku lokumbukira malo a mbiri ndi chilengedwe a mu Africa amene ali pa mndandanda wa bungwe la UNESCO. Dedza ili ndi malo otere. Mu 2006 UNESCO inalemba dera la Chongoni pa mndandandawu chifukwa cha zojambula za pa miyala zopezeka pa malo 127, kuphatikizapo Chentcherere, Namzeze ndi Mphunzi. Zojambula zofiira, zomwe ndi zakale kwambiri, amati zinajambulidwa ndi Akafula, alenje amene ankakhala kuno kalelo. Zoyera zinajambulidwa ndi Achewa, ndipo zimakhudza chinamwali ndi nyau. Zojambulazi zakhala zaka mazana ambiri chifukwa mapanga ake anali obisika m'nkhalango. Mitengo ikatha, dzuwa, mvula ndi utsi wa moto wa m'tchire zimafika pa mwala, ndipo anthu osadziwa amalembapo mayina awo ndi makala. Kusamala nkhalango ya Chongoni ndi kusamalanso mbiri ya Achewa.

Chikhalidwe chomwechi chili ndi umboni wina. M'midzi yambiri ya ku Dedza, kumene minda yafika ponseponse, malo okha otsala ndi mitengo yachilengedwe ndi kumanda. Kumeneko kulibe mlonda wa boma, komabe palibe amene amadulako mtengo popanda chilolezo cha mfumu. Mudzi unagwirizana kuti malowo ndi olemekezeka, ndipo mwana aliyense amakula akudziwa zimenezo. Izi zikusonyeza kuti anthu a kuno amatha kusunga nkhalango pamene aiona kuti ndi yawo.

Tsiku lotchuka kwambiri pa onse ndi la 5 Juni, tsiku lokumbukira chilengedwe pa dziko lonse, limene linakhazikitsidwa mu 1972, chaka cha msonkhano waukulu wa zachilengedwe wa ku Stockholm. Pa 17 Juni pamatsatira tsiku lolimbana ndi chilala ndi kuguga kwa nthaka. Ku Dedza mwezi wa Juni ndi pamene udzu wayamba kuuma ndipo anthu amaliza kukolola. Iyi ndi nthawi yolambula njira zotchinga moto kuzungulira nkhalango, ndi yotentha udzu mosamala udakali ndi chinyezi, kuti moto wa m'chilimwe udzapeze zoyaka zochepa. Mwambo wa 5 Juni umene umatha ndi gulu la anthu litalambula malire a nkhalango ya m'mudzi umapulumutsa mitengo yambiri kuposa mwambo wongothera pa zoyankhula.

Miyezi yopanda mwambo

Kuyambira Ogasiti mpaka Novembala kalendala ya zikondwerero za nkhalango imakhala pafupifupi yopanda kanthu, chonsecho iyi ndiyo miyezi imene nkhalango imawonongeka kwambiri. Moto umayamba ndi osaka mbewa, ofula njuchi ndi utsi, osuta fodya, otentha mapesi pososa minda, ndiponso ena amene ali ndi mkwiyo ndi eni nkhalango. Paini sachedwa kuyaka, ndipo moto wa tsiku limodzi umatha kuwononga mitengo imene yakula zaka khumi. M'miyezi yomweyi ziweto zimatayidwa kuti zizidya paliponse, ndipo uvuni wa njerwa umafuka m'midzi yambiri.

Iyi ndi nthawinso ya nazale. Mbande yodzabzala mu Disembala imafesedwa m'machubu miyezi ingapo mvula isanayambe, ndipo imafuna kuthiriridwa m'mawa ndi madzulo pa nthawi imene madzi ndi osowa. M'mera mpoyamba: mudzi wopanda nazale mu Sepitembala umadikira mbande zopatsidwa, zimene kawirikawiri zimafika mochedwa ndiponso zosayenera malowo. Palinso njira ina yosafuna nazale, yosamalira mphukira. Mitengo ya mtundu wa mombo, tsamba, mtondo ndi msuku imaphukanso pa chitsa ngati mizu ili moyo. Malo akatetezedwa ku moto ndi ziweto, ndipo pa chitsa chilichonse pakasiyidwa mphukira ziwiri kapena zitatu zamphamvu, nkhalango imabwerera yokha, ndipo bowa, masuku ndi mankhwala azitsamba zimabwerera nayo.

Tsiku loyeretsa

Mu Novembala 2020 Pulezidenti wa nthawiyo, Lazarus Chakwera, anakhazikitsa tsiku loyeretsa m'malo okhala ndi ogwirira ntchito, Lachisanu lachiwiri la mwezi uliwonse. Kusiyana kwake ndi masiku ena n'kwakuti limabwera kakhumi ndi kawiri pa chaka, choncho lingathe kusanduka chizolowezi. M'tauni ya Dedza, pa chipata cha malire, ndi m'misika ya m'mbali mwa M1 monga Chimbiya ndi Bembeke, zinyalala zochuluka ndi majumbo, mabotolo apulasitiki ndi zotsala za ndiwo zamasamba. Majumbo amatseka ngalande, amapha mbuzi ndi ng'ombe zikawameza, ndipo saola m'nthaka. Boma linaletsa mapulasitiki opyapyala mu 2015, ndipo khoti lalikulu la apilo linavomereza chiletsocho mu 2019. Zotsala za masamba zingasanduke manyowa ngati zisiyanitsidwa ndi pulasitiki. Ukhondo wa pa msika ndi nkhaninso ya moyo, monga mliri wa kolera wa 2022 ndi 2023 unasonyezera m'dziko lonse.

Udindo wa nzika m'malamulo

Malamulo oyendetsera dziko la Malawi, mu gawo 13, amalamula boma kusamalira chilengedwe mwanzeru, kuteteza kuti chisawonongeke ndi kulemekeza ufulu wa mibadwo yam'tsogolo. Lamulo la zankhalango la 1997 limapatsa mphamvu nyakwawa kupatula nkhalango ya m'mudzi mothandizana ndi nthambi ya zankhalango, ndiponso limavomereza makomiti a m'midzi oyang'anira zachilengedwe. Limalolanso kuti midzi yoyandikana ndi nkhalango ya boma ichite pangano ndi boma, izisamala nawo nkhalangoyo ndi kupindula nayo. Lamulo lomweli limaletsa kuotcha makala popanda chiphaso, ndipo litakonzedwanso mu 2020 zilango zake zinakula. Lamulo la zachilengedwe la 2017 limati munthu aliyense ali ndi ufulu wokhala pa malo aukhondo, ndiponso ali ndi udindo wowateteza.

Udindowu umagawika molingana ndi malo a munthu. Mafumu, kuyambira nyakwawa mpaka mafumu aakulu monga Kachindamoto, Kasumbu, Kamenyagwaza, Kaphuka ndi Kachere, ndiwo amagawa malo ndi kukhazikitsa malamulo a m'mudzi okhudza moto ndi ziweto. Khonsolo ya boma imayang'anira misika ndi kotaya zinyalala. Aphunzitsi ndi atsogoleri a mipingo ndi mizikiti amakumana ndi anthu sabata iliyonse, kuposa mlangizi wina aliyense. Wokhala m'tauni amene amagula thumba la makala ali ndi gawo pa mtengo umene unagwa, mofanana ndi amene anaudula. Mbaula yosunga nkhuni monga chitetezo mbaula, gasi kapena magetsi kwa amene angakwanitse, ndi mbali ya udindo womwewo. Nzika ilinso ndi ufulu wofunsa akuluakulu kuti mbande zimene zinalengezedwa zinabzalidwa kuti, ndipo zatsala zingati.

Nkhani ya umphawi siingalambalalidwe. Ambiri ootcha makala amadziwa kuipa kwake, koma alibe njira ina yopezera ndalama ya feteleza ndi fizi. Uthenga wa tsiku lokumbukira umamveka ukabwera pamodzi ndi njira yopezera ndalama m'nkhalango yamoyo, monga ulimi wa njuchi m'ming'oma yamakono, kugulitsa mbande, mitengo ya zipatso, nsungwi, ndi kuperekeza alendo okwera phiri kapena okaona zojambula za Chongoni.

Zimene zimapatsa tsiku phindu

Zinthu zinayi zimasiyanitsa tsiku lopindulitsa ndi longodutsa. Choyamba, ntchito ya tsikulo igwirizane ndi nyengo ya kuno: kubzala mu Disembala ndi Januwale, kuwerenga ndi kupalira mu Malichi, kulambula njira za moto mu Juni, kufesa nazale m'chilimwe. Chachiwiri, mtengo uliwonse wobzalidwa ukhale ndi mwini wodziwika, kaya ndi banja, kalasi ya pa sukulu, mpingo kapena komiti ya m'mudzi, ndipo zidziwike kuti udzapindulira yani ukakula. Chachitatu, chiwerengero cholengezedwa pa mwambo chikhale cha mitengo imene yapulumuka kuchokera chaka chatha, chisanatchulidwe cha mbande zatsopano. Chachinayi, uthenga uperekedwe m'chiyankhulo cha anthu ndi mwa njira zawo, monga pa bwalo la mfumu, pa wailesi za m'madera, m'zisudzo ndi m'magule, ndipo ndalama zambiri zipite ku machubu, mbewu ndi makasu m'malo mwa malaya a mwambo ndi zolipira alendo.

Zikatsatidwa izi, masiku okumbukira chilengedwe amalumikizana n'kukhala ndondomeko ya ntchito ya chaka chonse, ndipo tsiku lililonse limakhala nthawi yoti mudzi, sukulu ndi khonsolo zifotokoze zimene zachita kuchokera pa tsiku lapitalo. Nkhalango za Dedza ndi Chongoni zakhala pansi pa chitetezo cha lamulo kwa zaka pafupifupi 100. Kuti zidzakhalepobe kwa mibadwo ikubwerayi zidalira pa zimene anthu okhala mozungulira, ndi ogula makala ndi matabwa ake m'mizinda, azichita pakati pa tsiku lokumbukira limodzi ndi linzake.